Ndapereka pempho la patenti ya chosefera madzi changa, koma tsiku la ku Limbe lija likundiwawabe

Lachinayi lapitali ndabwerako ku Blantyre ndi kapepala kamene ndakasaka miyezi isanu ndi iwiri. Palembedwa nambala ndi deti lomwe ndapereka pempho langa la patenti, chikalata cha boma choletsa ena kukopera chinthu chatsopano chimene munthu wapanga. Patenti yeniyeniyo sinatuluke ayi, koma deti lija ndi langa, ndipo wobwera pambuyo ndi chinthu chofanana adzandipeza ndili kale kutsogolo. Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino.

Ndimakhala ku Chikanda, ku Zomba. Mayi a kunyumba amachapira ana asukulu zovala, ndiye madzi a sopo ankangotsikira m'ngalande mpaka mu Likangala, mtsinje womwe umakathira m'nyanja ya Chilwa kumene timadyako matemba. Zinkandipweteka mtima. Ndinalumikiza migolo iwiri. Woyamba timathiramo ufa wa njere za chammwamba, umene umagwira litsiro n'kulikhazika pansi. Wachiwiri uli ndi mchenga ndi makala a zitsononkho. Akachoka apo madzi amadutsa pabedi la udzu wa vetiva, kenako timathirira masamba. Akumwa ayi, chammwamba sichipha tizilombo tonse.

Choyamba ndikuuzeni ichi: musaonetse anthu chinthu chanu musanapereke mapepala. Patenti imafuna chinthu chatsopano, ndipo mukachiika pa Facebook kapena kuchionetsa pachionetsero, mwachiulula nokha, utsopano wake watha. Ine ndinapulumuka chifukwa foni inali itafa mwezi umene ndinkafuna kujambula kanema.

Tsopano za bambo amene anandipusitsa ku Limbe. Mnzanga wina anandipatsa nambala ya munthu amene amati amadziwa njira zonse za m'maofesi. Pafoni ankayankhula mokoma. Akuti, “Achimwene, zimenezo n'zazing'ono, bwerani ndi ndalama basi.” Ndinadzuka m'mamawa, kukwera minibasi pa depoti, 8 koloko ndili ku Limbe. Iye kulibe. Ndiimbe, akuti ndili pafupi. 11 koloko, ndili pafupi. Dzuwa likuswa mtengo ine ndili chiimire pakhonde la sitolo, envulopu ya zojambula ili m'khwapa, osadya kanthu poopa kuti ndikasuntha andiphonya. Anatulukira cha m'ma 3 koloko, n'kutenga ndalama yomwe ikanagula matumba awiri a chimanga, n'kundipatsa mafomu oti ndikalembe kunyumba. Ndikuwerenga mu minibasi, titadutsa pa Namadzi, ndi pomwe ndinaona kuti ndi mafomu olembetsera dzina la bizinesi. Sakukhudzana ndi patenti n'komwe! Mawa lake foni yake sinkapezekanso. Ndalamayo inandiwawa, koma chimene chinandisowetsa tulo n'choti ndinali nditamufotokozera kapangidwe konse, mpaka kumujambulira pachikuto cha envulopu. Sabata zitatu ndinkangoganiza kuti mwina wakagulitsa kwa wina.

Ndisanaiwale, ena anandiuzanso kuti ndipite ku COSOMA. Kumeneko ndi za nyimbo, mabuku ndi zaluso. Za patenti ine ndinakazipeza ku ofesi ya Registrar General ku Blantyre, ndipo mutha kupitako nokha kukafunsa popanda wokuperekezani.

Amene anandiongola ndi mphunzitsi wina wa sayansi yemwe timapemphera limodzi. Anandikhazika pa kompyuta n'kunditsegulira Google Patents ndi Espacenet, momwe mumafufuza ulere zomwe ena analembetsa kale. Apa m'pamene ndikanayambira. Ndinalemba moringa, dzina la chammwamba m'Chingerezi, ndipo zinatuluka zambirimbiri. Ndinafooka. Anandiuzanso kuti kuno komwe, ku Thyolo, akatswiri a ku Polytechnic ndi a ku yunivesite ya Leicester anayesa kale njere zimenezi poyeretsa madzi a m'mipope kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndiye chammwamba si changa, vetivanso si wanga. Changa ndi kachidebe kopendekeka kamene ndinaika pakamwa pa mgolo woyamba: kakadzaza madzi kamagwa kokha n'kugwetsa muyeso umodzi wa ufa, popanda magetsi, popanda munthu woimirira pamenepo. Chimenecho sitinachipeze paliponse m'mene tinafufuzamo.

Kulemba ndiye ntchito. Mumafotokoza chinthucho moti mmisiri wina atha kuchipanga atangowerenga, mumaika zojambula za mizere zokhala ndi manambala, osati zithunzi za pafoni, kenako ma claims, pomwe mumanena malire a chimene mukuti n'chanu. Mukawatambasula kwambiri amakukanani, mukawapanikiza wina amangosintha msomali umodzi n'kumagulitsa. Mphunzitsi uja anandikumbutsa za Eli Whitney wa ku America, amene analandira patenti ya makina ochotsa njere m'thonje mu 1794, koma anthu anakopera makinawo ponseponse, iye n'kutha zaka akuyenda m'makhoti. Pa ma claims pokhapa ndinalipira loya wodziwa za patenti, ndipo sindikudandaula. Anandipatsa lisiti, chinthu chomwe wa ku Limbe uja sanachitchule n'komwe.

Loyayo ndi amene anandifotokozera za ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za mapatenti, lomwe likulu lake lili ku Harare. Malawi ali momwemo, ndipo ndi pempho limodzi mutha kusankha mayiko angapo monga Zambia, Mozambique ndi Tanzania. Kumeneko patenti imakhala zaka 20, ndipo pali ina ya tizipangizo ting'onoting'ono yotchedwa utility model, ya zaka 10. Koma malipiro ake ndi a madola, ndiye ine ndayamba ndi kuno kwathu. Ndili ndi miyezi 12 kuchokera pa deti lija yoti ndikapereke kunjako deti langa lisanataye mphamvu.

Mafomu tengani makope owonjezera, lisiti lililonse sungani. Ndipo chonde, pakamwa potseka mpaka mutagwira nambala yanu m'manja, ngakhale kwa amene akuti akuthandizani. Ine kanema uja ndajambula dzulo, mayi a kunyumba akuthira madzi ochapira mumgolo, kachidebe kakugwa kokha.