Dengu la tomato wa ku Bvumbwe

Ine ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina yaing'ono ku Ginnery Corner, ndipo ndayamba ndi kunena zimenezi kuti mudziwiretu kuti tsoka limene ndikufuna kufotokozali silinagwere munthu wosadziwa masamu. Kuntchito palibe tambala imene imandizemba, koma kunyumba kwanga ku Zingwangwa malipiro amene ndinkalandira pa 25 ankafika pa 10 mwezi wotsatira atatha kale, osatsanzika n'komwe.

Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022, zinthu pakhomo pathu zinali zitasintha mooneka ndi maso. Ndalama ya pepala ya K5,000, imene pamene inkatuluka mu 2022 tinkaiona ngati ya mabwana okhaokha, inali itayamba kupita kugolosale osabwerako ndi chenje. Mafuta ophikira tinasiya kugula a m'botolo n'kuyamba a m'machubu, nyama ya ng'ombe inasanduka mlendo wobwera pa Khirisimasi, ndipo bonya ndi nyama ya soya ndi zimene zinkasinthana pa mbale ngati alonda a usiku ndi a masana.

Madzulo ena mu Okutobala 2024, akazi anga atandiuza kuti ufa watsala wa masiku atatu, ndinakhala pampando, ndinakonza magalasi anga, ndipo ndinalankhula mawu amene mpaka lero ndimalakalaka ndikanawameza pamodzi ndi nsima. Ndinati, "Mayi, vuto la pakhomo pano si kukwera kwa zinthu kokha ayi, koma kagulidwe kanu. Mumagula ngati nkhuku, kujompha apa, kujompha apo, pamene anthu odziwa ndalama amagula zinthu zambiri kamodzi." Iwo sanakwiye, sanakwezenso mawu. Anangopukuta m'manja ndi chitenje n'kunena kuti, "Chabwino bambo, poti a masamu ndinu, mwezi uno mugule ndinu. Ine ndizingophika chimene mwabweretsa." Mwamuna wanzeru akanachita mantha ndi kufatsa kwa yankho limeneli, koma ine ndinaliona ngati kugonja.

Usiku womwewo ndinabwereka kope la mwana wanga wa Sitandade 6, ndinalemba mizere ndi rula, ndipo ndinayamba kusaka pamene ndalama zinkadonthera. Lendi sindikanaisintha, mayunitsi a magetsi ndi makala chimodzimodzi, koma maso anga anaima pa chinthu chimodzi chimene akazi anga ankandipempha m'mawa uliwonse ndisanatuluke: K500 ya tomato. Nditachulukitsa ndi masiku 30 ndinapeza K15,000, nditachulukitsanso ndi miyezi 12 ndinapeza K180,000, ndipo ndinadzidzimuka ngati ndagwira mbala itabisala kuseri kwa chitseko. Ndinalemba mzere wofiira kawiri pansi pa mawu akuti tomato, kenako ndinagona tulo tokoma ta munthu amene wapulumutsa banja lake.

Mnzanga wina kuntchito anandiuza kuti ambiri mwa amayi ogulitsa ndiwo zamasamba m'tauni muno amakaoda ku Bvumbwe, pa msewu wa ku Thyolo, kumene alimi a m'madimba amabweretsa kabichi, mpiru ndi tomato wa m'madengu. Nditawafotokozera akazi anga za ulendowu, anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti, "Mukamusunga pati?" Ndinawayankha kuti limenelo linali funso la kukhitchini, osati la bajeti. Iwo anangoti, "Zoona," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Loweruka ndinalawirira. Inali nthawi imene mafuta a galimoto ankasowa, mizere ya magalimoto itazungulira malo omwetsera mafuta, ndipo mtengo wa minibasi unkadalira mmene kondakitala wadzukira tsiku limenelo. Kuchoka ku Zingwangwa kukafika ku Limbe, kenako ku Bvumbwe, ndinalipira K3,000, ndipo ndinailemba m'kope mosadandaula chifukwa ndinkaiona ngati mbewu imene ndikufesa. Cholakwa changa choyamba chinali kavalidwe. Munthu wopita kukanenerera mtengo amavala zoti ogulitsa amumvere chisoni, koma ine ndinavala malaya oyera a kuntchito, nsapato zopolisha, magalasi, ndiponso kope m'khwapa ngati mlangizi wa zaulimi. Nditangotsika, msika wonse unayamba kunditchula kuti abwana, ndipo aliyense amene anayendapo pamsika akudziwa kuti dzina limeneli limalipiridwa.

Mayi wina anandionetsa dengu lalikulu la tomato wonenepa, wolimba, wowala ngati wapakidwa mafuta, n'kunena kuti K15,000. Ndinachita zonse zimene ndinaonapo akazi anga akuchita: ndinapukusa mutu, ndinaseka pang'ono, ndinayerekeza kuchoka, ndipo mayiyo anandiitana n'kutsika mpaka K12,000. Ndinawerengera mumtima kuti tomato wochuluka chotero akanatifikitsa miyezi iwiri, kutanthauza kuti ndapulumutsa K18,000 m'mawa umodzi. M'masamu onsewa sindinaikemo mfundo imene mwana aliyense wa pamudzi amaidziwa, yakuti tomato wakupsa sadikira munthu, makamaka mu Okutobala pamene dzuwa limaswa mtengo. Nditalipira, mayiyo anandifunsa mwaulemu kuti, "Ndiye titsanulire muti, abwana?" Apa m'pamene ndinadziwa kuti dengu ndi tomato ndi malonda awiri osiyana, ndipo denguli linandidyera K2,500 ina.

Pobwerera, kondakitala anayang'ana ine, anayang'ana dengu, n'kunena kuti, "Madala, inu K2,500, katunduyu nayenso alipira mpando." Ndinamufotokozera mwatsatanetsatane kuti dengu si munthu, ndipo titakangana kwa kanthawi tinagwirizana kuti liikidwe kumbuyo pa K1,000. Ndinakhala pansi ndikudziyamikira kuti ndapulumutsanso K1,500. Tisanayende mtunda wautali, minibasi inaima, ndipo bambo wina anakweza matumba atatu a kabichi. Ndinatembenuka kuti ndichenjeze kondakitala, koma ndinali nditapanikizidwa pakati pa anthu anayi pa mpando wa anthu atatu, ndipo chimene ndinangoona ndi mnyamatayo akukankha chitseko cha kumbuyo ndi phewa, kamodzi, kawiri, kachitatu, mpaka anachimanga ndi chingwe. Pa kukankha kwachitatu kuja ndinamva kaphokoso kena kofewa, konyowa, kamene mwa anthu onse a m'galimotomo ndi ine ndekha amene ndinakamvetsa.

Tikuyandikira pa Chigumula, dalaivala anaponda mabuleki mwadzidzidzi pofuna kutola munthu, ndipo madzi ofiira anayamba kuyenda pansi pa mipando kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, mwakachetechete, atanyamula tinjere tachikasu. Gogo wina amene anakhala pafupi ndi chitseko anakweza mapazi n'kunena mofatsa kuti, "Kondakitala, galimoto yanuyi ikutuluka magazi." Anthu anayamba kukuwa ndi kunyamula zikwama, ndipo ine ndinayang'ana pawindo ngati munthu amene akusirira minda ya anthu. Pafupi nane panali mayi wina wa Mvano amene anavala bulauzi yoyera, duku loyera ndi nsapato zoyera zansalu, ndipo pamene ankaweramira pansi nsapato zija zinali zitasintha kale mtundu. Ndikanapulumuka kondakitala akanakhala munthu wosunga chinsinsi, koma iye analengeza mokweza kuti, "Ndi tomato wa madala a magalasiwo, anakana kulipira mpando." Mayiyo sanandinyoze. Anangondiyang'ana ndi maso amene amayang'anira munthu wobwerera m'mbuyo pa chikhulupiriro, ndipo ndinapezeka ndatulutsa ndekha K1,000 ya sopo popanda wondiuza.

Ku Limbe dengu linatsika litafupika ndi theka. Mnyamata wa wilibala anandilipiritsa K1,000 kulifikitsa pokwerera minibasi za ku Zingwangwa, ndipo kondakitala wa kumeneko, ataona mmene linkadonthera, anakana kuliika pafupi ndi katundu wa anthu ena. Ndinalipira K1,500 n'kulinyamula pamiyendo ulendo wonse ngati mwana wodwala, madzi akulowa m'thalauza mpaka m'masokosi. Nditatsika ndinalisenza paphewa, ndipo malaya oyera aja anamalizika pomwepo.

Kuti munthu afike kunyumba kwanga ayenera kudutsa pa benchi ya mayi wina woyandikana nafe, amene amagulitsa tomato, anyezi ndi masamba, ndipo amawetanso nkhuku kuseri kwa nyumba yake. Atandiona anaimirira ndi mantha n'kufunsa kuti, "Bambo, mwachita ngozi kodi?" Ndinawatsimikizira kuti ndili bwino, koma maso anga anagwera pa milu ya tomato imene inali pa benchipo, ndipo mwana wina amene ankagula anapereka K300 n'kulandiranso basela. Inali nyengo imene tomato amachuluka n'kutsika mtengo paliponse, mosiyana ndi miyezi ya mvula pamene amasowa. Ndinali nditapita ku Thyolo kukasaka chinthu chimene chinali chitandilondola chokha mpaka pakhomo.

Akazi anga anandilandira dengu ndi manja awiri, mwaulemu wonse, ndipo sanaseke, ngakhale mapewa awo ankagwedezeka pamene ankatembenuka. Tinayala chiguduli pakhonde n'kuyamba kusankha, ndipo ana anagawa tomatoyo m'magulu atatu amene anawatcha amoyo, ovulala ndi omwalira. Wonenepa uja anali wa pamwamba pokha, ngati mkaka wa pa tiyi wa alendo, pamene pansi panali timatomato tating'ono tofewa kale kabichi asanatikhalire. Amoyo anakwana beseni limodzi laling'ono. Nditaphatikiza zonse m'kope, kuwonjezapo K500 ya chimanga chootcha chimene ndinadya ku Limbe kuti mtima ukhale pansi, ndinapeza K25,000. Ndinawerengera kawiri, chifukwa kuntchito timatero, koma nambala sinasinthe.

Firiji yathu ndi yaing'ono ndipo imakhala yodzaza ndi mabotolo a thobwa limene akazi anga amagulitsa, choncho ndinalamula kuti ovulala adyedwe msanga. Masiku anayi otsatira tinadya tomato wokazinga, tomato wowiritsa, tomato wa mu nyemba, ndi bonya amene ankachita kusambira mu tomato moti kumupeza kunkafuna supuni ndi kuleza mtima. Pa tsiku lachitatu mwana wanga wamng'ono anapempherera chakudya n'kuwonjezera pempho lakuti Mulungu athandize adadi kupeza ntchito ina yoti azichita Loweruka.

Amoyo aja atayambanso kufewa, ndinakumbukira kuti agogo anga ankafutsa masamba n'kuyanika padzuwa, ndipo ndinaganiza kuti tomato nayenso angaumitsidwe. Lachitatu m'mamawa ndinamudula, ndinawaza mchere wa paketi yonse, ndinabwereka makwerero, n'kumuyala bwinobwino pa malata a nyumba. Akazi anga anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku phiri la Soche, anatsegula pakamwa, kenako anatseka, poti mwezi unali wanga. Masana ndili kuntchito kunagwa chizimalupsa, mvula ija imene imabwera mwadzidzidzi dzinja lisanayambe. Pofika kunyumba ndinapeza eni nyumba, amene amakhala pa poloti yomweyo, ataima manja ali m'chiuno, akuyang'ana khoma limene anali atangolipaka laimu mwezi wapitawo, tsopano lili ndi mizere yofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Nkhuku za oyandikana nafe zinali pa phwando m'munsi mwake. Laimu ndi womupaka zinandidyera K6,000, ndipo imeneyi sindinailembe m'kope chifukwa tsamba linali litadzaza.

Mawa lake madzulo, ndili khale pakhonde, mayi a pa benchi aja anabwera ndi mbale ya tomato wabwino n'kuwapatsa akazi anga, akunena kuti, "Wa madeya aja, mwasiya kutenga sabata yonse." Sanalandire ndalama iliyonse. Atachoka ndinafunsa tanthauzo la zimenezi, ndipo akazi anga anandifotokozera mosabisa kuti kwa zaka zitatu, nthawi iliyonse akapita kuchigayo kukakonola chimanga, madeya onse pamodzi ndi makoko a nsima amapita kwa nkhuku za mayiwo, ndipo mayiwo amabweza ndi tomato tsiku ndi tsiku. Pakhomo pathu tomato sankagulidwa ndi ndalama.

Ndinafunsa, mawu akunjenjemera pang'ono, kumene K500 ya m'mawa uliwonse inkapita. Iwo anati, "Ku banki m'khonde, bambo. Timaponya Lamlungu lililonse, timagawana mu Disembala. Mumaganiza kuti yunifolomu, makope ndi thumba la chimanga la mu Januwale zimachokera kuti? Chaka chatha munauza alamu anu kuti ndinu odziwa kusunga ndalama, ine ndinangokhala chete kuti ndisakuchititseni manyazi." Ndinafunsanso chifukwa chimene sanandiuzire zonsezi ndisanapite ku Bvumbwe, ndipo anandikumbutsa kuti anayesa kufunsa funso limodzi, koma anauzidwa kuti linali la kukhitchini.

Kope ndinabwezera mwini wake nditang'ambamo masamba atatu. Pa 1 Novembala akazi anga anandiuza kuti poti zinthu zakwera, ndalama ya tomato tsopano ndi K700, ndipo ndinapisa m'thumba n'kupereka osafunsa kanthu. Dengu lija lilipobe, timaikamo zovala zakuda, ndipo ndikamadutsa pa benchi paja popita kuntchito, amayi onse amandipatsa moni mwaulemu kuti, "Mwadzuka bwanji a Bvumbwe?"