Kagalu koluma zidendene sikolusa

Ndangomva wina akuti abweza kagalu kake ka Border Collie ka miyezi 3 chifukwa kakumaluma ana m'zidendene. Abale, kumeneko si kulusa ayi. Mtundu umenewu ndi wokusa nkhosa, ndiye chilichonse chothamanga kamafuna kuchitsekereza.

Kakayamba, mwana angoima chilili, osakuwa, osathawa, chifukwa akathawa iko kamayesa masewera. Kapatseni chingwe chokhuthala kazikoka chimenecho. Mukamakamenya kamangoyamba kuopa manja anu basi. Kaphunzitseni "khala" ndi "bwera" mphindi 5 zokha, katatu patsiku, kasanadye. Kakamvera, kanyama pakamwa pompo. Mukachedwa sikadziwa chomwe mwakayamikira.

Kunkhosa musathamangire nako. Dikirani kakwane miyezi ngati 10, poti nkhosa yoyamwitsa ikakagunda kakadali kanthete, kangathe kumaopa ziweto mpaka kukula.