Sabata ya siliva ndi nimu mu labu ya ku Zomba

Cholinga chathu chinali kupanga tinthu tating'onoting'ono ta siliva (nanoparticles) pogwiritsa ntchito nimu, n'kuona ngati tingaphe tizirombo ta m'zilonda. Lolemba tinawiritsa magalamu 10 a masamba a nimu, othyola ku Chinamwali, m'madzi a distilled okwana mamililita 100, n'kusefa ndi pepala la Whatman No. 1. Pambali tinasungunula magalamu 0.017 a silver nitrate m'mamililita 100, ndiyo mphamvu ya 1 mM (millimolar). Botolo lake timalikuta ndi foil chifukwa siliva akakhala pakuwala amada yekha. Mamililita 10 a nimu akalowa mu 90 a siliva, madziwo amayamba chikasu, kenako amafiirira ngati tiyi wopanda mkaka. UV-Vis, makina oyeza kuwala komwe madzi akumeza, ikaonetsa nsonga cha m'ma 420 nm, ndiye kuti tinthu ta siliva tija tapangika.

Msakanizo wa Lachiwiri unayera ngati mkaka. Beaker inali itatsukuluzidwa ndi madzi apampopi, ndipo chloride wa m'madzimo anagwira siliva n'kupanga silver chloride. Msakanizowo unapita m'botolo la zotayira, osati m'sinki.

Ntchito yeniyeni inali Lachitatu. Tinapaka Staphylococcus aureus, kachirombo ka zithupsa ndi zilonda za mafinya, pa mbale za Mueller-Hinton agar, chakudya cholimba chomeretsera tizirombo, pa mlingo wa 0.5 McFarland, muyeso wa kuchuluka kwa tizirombo. Mbale zina tinaika Pseudomonas aeruginosa, kamene kamavuta pa zilonda zamoto. Maenje a mamilimita 6 mu agar othiramo siliva wathu, incubator pa 37 °C, maola 18 mpaka 24.

M'mawa mwake bwalo loyera, pomwe tizirombo sitinamere, linazungulira maenje onse, koma pamenepa m'pamene ambiri amanamizika. Siliva amene sanasanduke tinthu tating'ono naye amapha tizirombo, ndipo amayenda mu agar mosavuta kuposa tinthuto. N'chifukwa chake mbale iliyonse imafunika dzenje la silver nitrate yekha ndi lina la nimu yekha. Titazunguza tinthuto pa centrifuge n'kutitsuka katatu kuti siliva wotsala uja achoke, bwalo lija linachepa. Laling'onolo ndiye tinalemba m'buku.

Komanso chilonda si agar. Mafinya ali ndi mchere ndi mapuloteni omwe amamanga siliva, ndipo mukawonjezera mlingo mumapha maselo omwe amatseka chilondacho.

Lachisanu kunabwera funso loti kodi siliva wathuyu angachize mphere kapena zilonda zamoto. Mphere ndi kanthata kobisala pakhungu, mankhwala ake ndi benzyl benzoate kapena ivermectin, siliva alibe nayo ntchito. Zilonda zamoto ziperekedwebe kuchipatala, kumene kuli kirimu wa silver sulfadiazine wa 1%. Zathuzi zikadali za m'mbale. Lolemba tiyeza MIC, mlingo wochepetsetsa woletsa tizirombo kukula, ndi broth (chakudya chamadzi cha tizirombo) yothira serum (madzi a m'magazi).