Kani singano sichiza chilichonse

Lero mutu wapepuka. Milungu itatu ndakhala ndikuloweza za microneedling, njira yochizira khungu polibaya ndi tisingano, ngati nyimbo, koma funso limodzi linkandisowetsa tulo: munthu wabwera ndi zipsera za ziphuphu kumaso, iwe n'kumubaya ndi tisingano mazanamazana, ndiye akuti zipserazo zichepa? Bala lingachize bwanji bala linzake?

Chandimasula ndi rula ndi pensulo basi. Ndinajambula khungu molikulitsa, koma motsata muyezo weniweni. Epidermis ya kumaso, gawo lapamwamba la khungu, ndi yopyapyala, pafupifupi mamilimita 0.1, ndipo pansi pake ndi pamene pali dermis, gawo lamkati la khungu. Kenako ndinajambulapo singano ya mamilimita 0.25, pambali pake ya 1.5. Nditaziyang'ana ndinangoseka ndekha. Yaifupi ija ikungogogoda pakhomo, pamene yaitali ikulowa mkati mwenimweni, kumene kuli ma fibroblast, maselo opanga kolajeni, puloteni wolimbitsa khungu.

Kani singano sichiza chilichonse, imangopusitsa thupi kuti lavulala. Timabowo take n'tating'ono moti pamwamba timatsekeka msanga, koma pansi thupi limayamba ntchito yonse yopoletsa bala: kutupa, kupanga kolajeni watsopano wa mtundu III, kenako kumusintha pang'onopang'ono kukhala wa mtundu I, wolimba uja. Gawo lomalizali limatenga miyezi. Ine ndinkayesa kuti timauza munthu kuti adikire milungu 4 mpaka 6 asanabayidwenso kuti kufiira kuthe kaye, pomwe kufiirako kumatha m'masiku ochepa. Timadikira ntchito ya mkati, yosaoneka ndi maso. Ndi chimenecho chimene ofufuza awiri, Camirand ndi Doucet, anaona mu 1997, atayendetsa makina a tatuu opanda inki pa zipsera. Dokotala Desmond Fernandes wa ku South Africa anadzabwera ndi kagudumu ka masingano, ndipo mu 2018 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza kachipangizo ka masingano kotchedwa SkinPen, koma nzeru yake ndi yomwe ija.

Anzanga, jambulani. Mundinene kuti ndikukokomeza, koma kwa ine amene sanajambule khungu ndi dzanja lake sanayambe kuphunzira.

Chondipweteka n'choti aphunzitsi athu akanatha kunena zonsezi m'mphindi zisanu. Iwo amangowerenga zolemba zawo, liwu limodzimodzi, maso pa kompyuta. Nditafunsa chifukwa chake sitibaya munthu amene ziphuphu zake zili ndi mafinya, anangoti, "Lowezani, zibwera pamayeso." Chonsecho yankho n'losavuta: umakhala ukufesa majeremusi nkhope yonse. N'chimodzimodzi kupaka mafuta wamba pakhungu longobayidwa kumene, ukulowetsa mkati zinthu zimene anazipanga kuti zizikhala pamwamba. Ndipo nthawi ndiye palibe, sabata yamawa tikhala tili pa mutu wina.

Pepala langa lija lili ndi malire ake. Limandiuza kuti popeza palibe kutentha ngati kwa makina a leza, khungu lakuda silichita mawanga kawirikawiri, komanso kuti munthu amene zipsera zake zimatukumuka sitimugwira n'komwe. Koma dzulo, poyeserera pa khungu la labala, dzanja langa linkakanikiza kwambiri pachipumi, pamene khungu ndi lopyapyala ndipo fupa lili pafupi. Amati usiye ukaona timadontho ta magazi. Kaya tsiku limenelo, munthu weniweni atagona pamaso panga, ndidzasiya pa nthawi yake, kapena mantha adzandisiyitsa ndisanafike n'komwe pa dermis.