Zikomo nonse amene munatithandiza pa matenda a amayi

Abale inu, amayi atawachita opaleshoni yodula thumbo n'kulilumikizanso ife tinkati basi zatha, koma patangopita masiku 5 thupi linatentha, mimba kutupa n'kulimba gwa, kani polumikiza paja pankadontha zonyansa n'kumathira m'mimba. Anabwerera nawo ku fiyeta usiku womwewo, madokotala anatsuka m'katimo n'kutulutsira thumbo pamimba kuti chimbudzi chizigwera kaye m'kathumba.

Zikomo anesi, munandiphunzitsa kusintha kathumba kaja manja akunjenjemera osandiseka olo pang'ono. Zikomo inu munapereka magazi, nkhope zanu sitinazione n'komwe. Nanunso mayi a bedi loyandikana lija, munkawakakamiza kudzuka kuti aziyendako, mwina mwaiwala koma ife ayi. Patatha miyezi 4 anawalumikizanso, ulendo uno pagwira ndithu, akupita okha kuchimbudzi.