Zimene fudge wa peppermint wandiphunzitsa za shuga ndi moto

Chakumapeto kwa chigawo chino cha maphunziro athu a zophikaphika, aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe chakudya chimodzi chotsekemera cha pa Khirisimasi chochokera kudziko lina, akachiphike kunyumba kosachepera katatu, ndipo alembe m'kope zonse zimene waona. Ine ndinasankha fudge wa peppermint, switi yofewa yokometsedwa ndi timbewu tonunkhira totchedwa peppermint, imene mabanja ambiri a ku America amapanga mu Disembala n'kumagawira achibale ndi anansi m'timabokosi. Ndivomere kuti ulesi ndi umene unandisankhira, chifukwa malangizo amene ndinali nawo ankati pakufunika zinthu zitatu zokha ndipo ntchito ya pamoto sidutsa mphindi khumi. Aphunzitsi ataona pepala langa anamwetulira n'kunena kuti, "Chabwino, koma muyambe ndi njira yakale yowiritsa shuga, yachiduleyo mudzaione pambuyo." Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikung'ung'udza, poganiza kuti andionjezera ntchito popanda chifukwa.

Fudge anayamba kutchuka ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makamaka m'makoleji a atsikana monga Vassar, Wellesley ndi Smith, ndipo wophunzira wina wa ku Vassar, Emelyn Hartridge, anapanga fudge wolemera mapaundi 30 mu 1888 kuti agulitsidwe pa koleji pomwepo. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ngati ophunzira anzanga a zaka zoposa 130 zapitazo ankakwanitsa ndi timbaula tawo, ine sindingalephere. Njira yawoyo ndi yosavuta kuinena. Umaika shuga, mkaka ndi batala m'poto, umawiritsa mpaka madzi ambiri atauluka, umadikira kuti zizizire, kenako umatakasa mpaka zitalimba.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa chifukwa cha dzanja langa lomwe. Dzanja limene linakula likuvundula phala ndi kuthyakula nsima silidziwa kusiya poto ali pamoto osamukhudza, choncho ndinatakasa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndikumapala ndi mthiko timibulu ta shuga timene tinkaumira m'mphepete mwa poto n'kumatibwezera mkati. Nditangophula ndinapitiriza kutakasa zidakali zotentha. Zimene zinatuluka zinali zotsekemera ndithu, koma zinkalumika ngati mpunga wosasankhidwa bwino, mchenga wokhawokha pakati pa mano.

Apa m'pamene phunziro lenileni linayambira, ndipo linanditengera madzulo awiri kuti ndilimvetse. Madzi otentha amasungunula shuga wochuluka kuposa madzi ozizira. Manyuchi akamawira madzi amachepa, ndipo akafika pa madigiri 112 mpaka 116, pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse amakhala shuga. Akayamba kuzizira amakhala atanyamula shuga woposa amene angathe kusunga, moti shugayo amangodikira chomuyambitsa kuti abwerere kukhala timibulu. Kambulu kamodzi kogwera mkati kuchokera m'mphepete mwa poto, kapena kugwedeza manyuchi adakali otentha, n'kokwanira kuyambitsa, ndipo timibulu tochepa timene tapangika msanga timakhala ndi nthawi yokula mpaka lilime kutimva. Ukadikira osakhudza mpaka atazizira kufika cha pa madigiri 43, ndiyeno n'kutakasa mwamphamvu, timibulu timapangika tambirimbiri nthawi imodzi, ndipo timakhala tating'ono kwambiri moti mkamwa mumangomveka kusalala. Ndinadabwa kuzindikira kuti fudge wabwino ndi woipa onse ndi timibulu ta shuga, kusiyana kwake ndi kukula kwa timibuluto basi.

Ulendo wachiwiri ndinabwereka choyezera kutentha, manja ndinawasunga kumbuyo, ndipo ndinaphula manyuchi atafika ndendende pa madigiri 115 monga malangizo ananenera. Mchenga uja unatha, koma fudge anatuluka wouma, wofumbutuka ngati chigumu chogonetsa, ndipo analimbira m'poto ndisanamalize kumuthira m'thireyi. Nditafotokoza m'kalasi, aphunzitsi sanandiuze pamene ndalakwitsa. Anangondifunsa kuti, "Kodi kwanuko madzi amawira pa madigiri angati?" Ndinayankha molimba mtima kuti 100, monga tonse tinaloweza ku pulayimale, ndipo iwo anati ndikayeze ndekha. Madzulo ake ndinaviika choyezera chija m'madzi obwata, ndipo chinaima pakati pa 96 ndi 97, osasunthanso ngakhale ndinaonjezera moto.

Chifukwa chake n'chakuti Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo pa mamita 300 alionse amene munthu wakwera, madzi amawira pa kutentha kotsika ndi pafupifupi digiri imodzi, popeza mpweya wowapanikiza umachepa. Manambala a m'malangizo aja analembedwera malo otsika. Kwathu kuno manyuchi akafika pa 115 amakhala atataya madzi ochuluka kuposa amene akanataya pa nambala yomweyo m'mizinda yotsika monga Baltimore ku America kapena London, ndiye ndinayenera kuchotserapo madigiri atatu kapena anayi n'kuphula cha pa 111. Wophika wa ku Dedza, kumene n'kokwera kuposa kuno, ayenera kuchotsera ochulukirapo, pamene wa ku Nsanje angatsatire manambalawo pafupifupi monga alili. Chimene chinandichititsa manyazi pang'ono n'chakuti njira ya ophika akale, yodontheza manyuchi m'kapu ya madzi ozizira n'kuona ngati akupanga kampira kofewa kophwanyika ukakapsinja ndi zala, ilibe vuto limeneli, chifukwa imayeza kukhuthala kwa manyuchiwo mwachindunji. Ine ndinaipeputsa poiona ngati yachikale, n'kukhulupirira galasi lokhala ndi manambala limene sindinkadziwa kuliwerenga.

Wachitatu anatheka. Ndinadikira pafupifupi mphindi makumi anayi kuti azizire, ndipo kutakasa kwake kunali ntchito ya mkono yosasiyana ndi nsima ya anthu khumi. Manyuchi amayamba akunyezimira ngati uchi, kenako mwadzidzidzi kunyezimirako kumazilala ndipo mthiko umalemera, ndipo kuyambira pamenepo umakhala ndi kamphindi kochepa kwambiri koti uthire m'thireyi.

Nditadutsa mu zonsezi ndi pamene ndinaloledwa kupanga wachidule uja, ndipo ndinamuona ndi maso ena. Ndinatenga chitini chimodzi cha mkaka wokhuthala wotsekemera cha magalamu 397, chokoleti yoyera ya magalamu 500 yoduladula, kamchere kotsina ndi zala ziwiri, ndi madzi a peppermint ogulitsidwa m'timabotolo ta zokometsera makeke. Mkaka wa mtundu umenewu, umene Gail Borden analembetsa njira yake yopangira ku America mu 1856, amauchotsa madzi oposa theka n'kuuthira shuga wambiri kufakitale, kutanthauza kuti ntchito yonse yowiritsa imene inandigonjetsa kawiri ija inachitika kale chitini chisanatsekedwe. Cholimbitsa fudge ameneyu si timibulu ta shuga ayi, koma mafuta a koko a m'chokoleti, amene amaundana pamalo pozizira ndipo amasungunuka cha pa madigiri 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu. N'chifukwa chake sangatuluke wamchenga ngakhale utatakasa motani. Ngozi yake ili pa moto, chifukwa chokoleti yoyera sichedwa kupserera, ndipo ikatentha kwambiri mafuta amalekana ndi zina zonse n'kuyandama pamwamba. Ine ndinaika mbale yachitsulo pamwamba pa poto wa madzi otentha osabwata, n'kumatakasa pang'onopang'ono mpaka zonse zitasalala, kenako ndinathira m'thireyi ya masentimita 20 mbali zonse yoyalidwa pepala lophikira.

Kwa ine, wachiduleyu ndi m'bale chabe wa fudge weniweni. Amamata pang'ono mkamwa ndipo alibe kupepuka kwa wowiritsa uja, koma kwa munthu amene ali ndi mpunga, nkhuku ndi alendo zomudikira pa tsiku la Khirisimasi, sindikuona chifukwa chomuletsera.

Peppermint nayenso anali ndi phunziro lake. Chomerachi ndi mwana wa mitundu iwiri ya timbewu tonunkhira, spearmint ndi watermint, ndipo mafuta ake ali ndi menthol wambiri, amene amanyenga mitsempha ya mkamwa yomva kuzizira kuti ione ngati kwazizira pamene kutentha sikunasinthe. Kachipangizo ka m'mitsempha kamene menthol amakhudza, kotchedwa TRPM8, kanadziwika mu 2002 kudzera m'magulu a asayansi awiri, David Julius ndi Ardem Patapoutian, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021 chifukwa cha ntchito yawo pa mmene thupi limamvera kutentha, kuzizira ndi kukhudza. Masamba amene amalimidwa m'madimba ambiri oika mu tiyi kawirikawiri amakhala spearmint, yemwe ali ndi menthol wochepa kwambiri, choncho sangalowe m'malo. Fungo la peppermint limauluka ndi nthunzi, ndiye amathiridwa ukaphula kale. Ine ndinathira supuni yaing'ono imodzi, ndinalawa zidakali zotentha, ndinaona ngati sizikumveka, ndipo ndinaonjezera ina yodzaza. Mmawa wake ndinapatsa agogo kachidutswa kuti alawe, ndipo atatafuna mwakachetechete anandifunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi mdzukulu wanga, kusukulu kwanuko ayamba kukuphunzitsani kuphika mankhwala otsukira mano?" M'kope mwanga ndinalemba kuti theka la supuni yaing'ono ndi poyambira pabwino, ndipo kulawa koona kumachitika fudge atazizira.

Chomaliza kundisokoneza chinali nyengo. Amene analemba malangizowa amapanga fudge wawo m'nyengo yachisanu, pamene khitchini imakhala yozizira ndipo mpweya ndi wouma, koma Khirisimasi yathu imagwa pakati pa dzinja, masana kukutentha, mvula ikugwa, chinyezi chili paliponse. Iwo amawaza pamwamba maswiti a peppermint ophwanyaphwanya a mizere yofiira ndi yoyera, ndipo inenso ndinachita chimodzimodzi, koma shuga amayamwa chinyezi cha mumpweya. Usiku umenewo magetsi anazima kwa maola angapo, firiji inayamba kutuluka thukuta, ndipo mmawa ndinapeza tizidutswa tija titasungunuka, utoto wofiira utayenderera pa chokoleti yoyera ngati nsalu yosuluka. Kukoma sikunasinthe, koma sindikanamupereka kwa mlendo.

Ulendo wachisanu ndinaonjezera chokoleti ndi magalamu 50 kuti alimbe bwino m'kutentha kwathu, ndinavindikira thireyi ndi pulasitiki, ndinamusiya m'firiji usiku wonse, ndipo maswiti ophwanya ndinawasunga m'botolo lotseka mpaka nthawi yonyamuka. Ndinadula ndi mpeni woviika m'madzi otentha n'kuupukuta, magawo asanu ndi limodzi mbali iliyonse, ndipo tinatuluka tizidutswa 36. Ndinanyamula mitundu yonse iwiri kupita nayo kukalasi m'kontena yokulunga ndi nsalu yonyowa, ndikupemphera kuti minibasi isachedwe pa siteji. Aphunzitsi analawa wowiritsa, analawa wachidule, anatsegula kope langa pa tsamba la madzi owira pa 96 lija n'kulemba chizindikiro pambali, kenako anatenga tizidutswa tina tiwiri ta wachiduleyo n'kukulunga m'pepala kuti akapatse ana awo kunyumba.