Lachinayi: mpikisano wa mpira ndi okala ya m'kalasi

Lero linali tsiku loyesa masewero awiri a masamu amene ine ndi mphunzitsi mnzanga wa Sitandade 3 takhala tikukonza.

Oyamba anali a mpikisano. Mwana akayankha samu yochotsera, athamange kukaponya mpira m'ndowa. Phokoso lake, mpaka ahedi anasuzumira pazenera akumwetulira. Koma ine ndinaima pambali n'kumayang'ana nkhope za ana. Ambiri ankangotchula nambala iliyonse yobwera m'mutu kuti athamange msanga. Samu inasanduka ngati mlonda wa pageti, munthu womulonjera mothamanga chifukwa chimene wadzera chili m'kati. Ana ochedwa kuwerengera anayamba kubwerera okha kumbuyo kwa mzere, ndipo amenewo ndiwo tinawakonzera masewerowa.

Itatha buleki tinatsegula okala. Katundu wake mabokosi a machesi ndi mapaketi a sopo opanda kanthu, ndalama zake timapepala tolemba K50, K100, K200 ndi K500. Wogulitsa ayenera kubweza chenji. Basi, lamulo ndi lomwelo. Posakhalitsa kamtsikana kena, kofatsa masiku onse, kanakuwa kuti, "Madamu, uyu wandibera chenji!" Sindinalowererepo. Anawerengera okha, anzawo atawazungulira, mpaka K50 inapezeka. Apa kuchotsera ndiye masewerowo: ukalakwitsa waluza ndalama, kapena kasitomala akukukalipira.

Pobwerera ndinaima pamsika pomwe abambo amasewera bawo. Mabowo 32, njere 64, ndipo katswiri amawerenga m'mutu pomwe njere yake yomaliza ikagwere asanakhudze n'komwe bowo. Palibe amamuuza kuti yamba wawerenga kenako usewere. Wosawerenga amadyedwa.

Chimene chikundivuta usiku uno n'chakuti tidziwa bwanji kuti ana aphunziradi. Chisangalalo chimanamiza, makamaka ahedi akamamwetulira. Ndikukumbukira kafukufuku wa Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham, amene anasindikizidwa mu 2015. Anayesa pulogalamu ya masamu ya pa tabuleti yopangidwa ndi bungwe la onebillion pasukulu ina ya pulayimale ku Lilongwe, mphindi 30 patsiku kwa masabata 8. Chimene ndimachikonda pa kafukufukuyo si zotsatira zokha, koma kagawidwe ka ana. Ena analandira matabuleti a masamu, ena anapitiriza kuphunzira mwa nthawi zonse, ndipo gulu lachitatu linapatsidwa matabuleti opanda masamuwo. Gulu limeneli ndiye linali loti lionetse ngati ana akukwera chifukwa cha phunziro kapena chifukwa chongogwira chida chatsopano. Masiku ano, pamene matabuleti akufika m'sukulu zambiri kudzera mu pulogalamu ya boma yotchedwa BEFIT, funsoli ndi la mphunzitsi aliyense.

Ife tilibe ofufuza, koma choko tili nacho. Lolemba ana adzalemba masamu khumi ochotsera pabolodi, popanda okala kapena ndalama, ndipo tidzafananitsa ndi kalasi inayo imene sinasewere.

Okala nayonso ili ndi vuto lake. Wogulitsa ndi mmodzi, ndiye amene amachotsera kwambiri, ena amangoima pamzere. Mnzanga akuti titsegule maokala ambiri, wogulitsa azisinthidwa akagulitsa katatu. Ndagwirizana nazo, kungoti mabokosi a machesi atichepera. Mawa ndiuza ana abweretse a kunyumba.